Ku Chinde, Kumene Madzi Athu Amathera

Madzi otuluka m'nyanja yathu pa Mangochi amatsata Shire, nalowa mu Zambezi, mpaka kukafika ku Chinde m'dziko la Mozambique. Kumeneko, m'matope amchere, mumamera mitengo imene Aswahili amaitcha mikoko.

Abale, taonani zimene zimachitika tsamba likagwa. Masiku oyamba madzi amalitsuka, kuchotsamo shuga, potaziyamu ndi kuwawa kwake. Kenaka tizilombo tosaoneka ndi maso timalizinga, ndipo pamene likunyenyeka, gawo la naitrojeni, yemwe uja timagula mu feteleza wa Urea, limakwera. Lovunda chotere ndilo nkhanu zimakonda, zimachita kulikokera ku una. Nyenyeswa zake zimalera tinsomba.

Matopewo, kunena zoona, amanunkha ngati dzira lowola. Koma owotcha makala akadula mikoko, msodzi wa kumeneko amavuula ukonde wopepuka.