Usanalipire Poloti ya Pamsewu

Tsangano, Tete

Wokondedwa mwana wa mlongo wanga,

Moni kwa iwe, mkazi wako ndi ana kumeneko ku Johannesburg. Kuno tonse tilipo, kungoti chisanu chayamba kale kuluma ndipo anthu ali kalikiliki kukumba kachewere.

Mayi ako anabwera kudzandiuza maganizo ako. Akuti wapeza munthu amene akugulitsa poloti m'mbali mwa msewu chakufupi ndi Biriwiri, ndipo ukufuna kumangapo golosale, mosungira kachewere ndi zipinda zingapo za lendi. Akutinso ndalama zimene wasunga zikuperewera, ndiye ukuganiza zogulitsa munda umene bambo ako anasiya ku Chidzolomondo kuti uwonjezere. Zoti ukufuna kumanga kwanu zandikondweretsa, pakuti anzako ambiri ndalama za ku Joni zimathera ku Joni komweko. Koma usanatumize ngakhale randi imodzi, khala pansi uwerenge izi. Ndalemba m'malo moimba foni kuti mawuwa ukhale nawo m'manja poyankhula ndi wogulitsayo.

Iwe wakulira ku Ntcheu, kenako n'kupita ku Joni, kumene munthu amagula malo n'kupatsidwa chikalata chonena kuti nthakayo ndi yake. Ku Mozambique sizitero. Chilandirireni ufulu mu 1975, nthaka yonse ndi ya boma. Malamulo aakulu a dziko a 2004, pa ndime 109, amanena mosapsatira kuti nthaka siigulitsidwa ndipo siingakhale chikole cha ngongole. Chimene munthu amapeza ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo ndi kupindula nawo, umene tonse kuno timangoti DUAT. Lamulo lake ndi 19/97, la pa 1 Okutobala 1997.

Ndikudziwa uyankha kuti, "Nanga amalume, onsewa akugulitsana tsiku ndi tsiku bwanji?" Akugulitsanadi, sindikukana. Amalemba kalata ya mgwirizano, mboni zisaina, mfumu kapena sekretari wa bairo adinda chidindo, ndalama zisinthana manja. Ukaiwerenga bwino kalatayo, ya munthu wochenjera siinena kuti wagulitsa nthaka. Imati wagulitsa mitengo ya mapichesi, chitsime, maziko kapena kanyumba kamene kali pamalopo, chifukwa zimenezo lamulo limalola kugulitsa. Nyumba ya m'tauni ikagulitsidwa mwa dongosolo, DUAT imatsata nyumbayo. Malo a kumudzi ndi nkhani ina: mgwirizano uyenera kulembedwa kwa notariyo, boma litavomereza kaye. Tsono pamene akukugulitsapo pali chiyani? Mayi ako akuti ndi udzu wokhawokha. Ngati ndi choncho, kalata ya chidindoyo ingokhala umboni woti unapereka ndalama kwa uje. Siikupatsa ufulu uliwonse umene ofesi ya boma ingauwerengere.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi pamene polotiyo ili. Lamulo lomweli, pa ndime 8, linapatula malo ena amene munthu sangapezepo DUAT ngakhale atapempha motani. Msewu waukulu, monga N7 wopita ku Zóbuè, uli ndi mamita 30 mbali iliyonse. Misewu yocheperapo ili ndi mamita 15. Njanji ndi mawaya a magetsi zili ndi mamita 50 mbali iliyonse, kasupe wa madzi mamita 100. Ndiye pali ina imene anthu ambiri saidziwa, koma ifeyo ndiyo yotikhudza kuposa onse: makilomita awiri kuchokera pa malire a dziko. Ganiza za Biriwiri. Ganiza za msika umene wakukopa, kumene ma lole ochokera ku Blantyre ndi Lilongwe amapakira matumba. Chimene chikukometsa malowo pa malonda, msewu pakhomo ndi Malawi patsidya, ndicho chikuwaika m'manja mwa boma kawiri konse. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ine ndimaona kuti amene analemba ndime imeneyi ku Maputo ankaganiza za malire a m'nkhalango, osati athu kuno. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadutsa pakati pa anthu amodzi, moti pa Lizulu umatsika basi uli ku Malawi, kuwoloka msewu kukagula kabichi uli ku Mozambique. Midzi yathunthu, manda, matchalitchi ndi masukulu zili m'kati mwa makilomita awiriwo, ndipo palibe amene amadzuka m'mawa kudzaigwetsa. Wogulitsayo adzakuuza zimenezi, ndipo sadzakhala akunama. Koma gogo wokhala m'nyumba imene anabadwira ndi wosiyana ndi iwe wobwera ndi simenti ndi malata kudzamanga za malonda. Iwe chimene ungapeze pamalo otere ndi laisensi yapadera ya ntchito imene watchulayo basi, ndipo yochokera kuchigawo, ku Tete. Tsiku limene a ANE, oyang'anira misewu, adzafune kukuza msewu, amene ali m'kati mwa mamita aja ndiye woyamba kulembedwa chizindikiro pakhoma, ndipo pokambirana za chipukuta misozi amakhala alibe poimira. Choncho ntchito yoyamba si kukambirana mtengo. Ndi kupeza wa za malo kuti akayeze: kuchoka pamsewu mpaka pamene pakhale khonde, ndi kuchoka pa mwala wa malire mpaka papolotiyo.

Nkhani ina ndi ya mapepala ako iwe mwini. Unabadwira ku Ntcheu pamene tinali kothawa nkhondo, ndipo ife titabwerera pambuyo pa pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, iwe unatsala kusukulu. Chiphaso chimene uli nacho ndi cha Malawi. Kwa ife ndiwe mwana wa pano, koma pa ofesi ndiwe mlendo, ndipo mlendo sapatsidwa DUAT pokhapokha atakhala m'dziko muno zaka zisanu komanso ali ndi ntchito ya chitukuko yovomerezedwa ndi boma. Makolo ako onse ndi a kuno, choncho njira yokonzera unzika ilipo. Yambira ku ofesi yolembetsa kubadwa, utenge BI, chiphaso cha nzika, kenako NUIT, nambala ya msonkho. Ndamva kuti ukuganiza zolembetsa polotiyo m'dzina la msuweni wako kuti zifulumire. Usatero. Amene dzina lake lili papepala ndiye mwini, ndipo iye akamwalira olowa m'malo ndi ana ake, osati ako.

Tsono za kumene ungapite. Tsangano si munisipiyo ngati Tete, Moatize kapena Ulónguè (yomalizayi inakwezedwa mu 2008). Kuno nkhani zimayambira ku boma la disitirito, ku maofesi a SDPI oona za mapulani ndi zomangamanga, ndi a SDAE oona za ulimi ndi malonda. Funso loyamba kukafunsa ndi lakuti: kodi dera limeneli lili ndi pulani? Lamulo 19/2007 limafuna kuti maboma ndi matauni akhale ndi mapulani osonyeza pokhala msika, sukulu, misewu ndi nyumba zogona. Pamene pali pulani yotere ndi kaundula wa malo, administradori ali ndi mphamvu yovomereza pempho. Pamene palibe, mapepala amapita ku Tete. Ndipo ngati pulaniyo inaika msewu kapena bwalo la sukulu pamene iwe ukuona golosale, chidindo cha mfumu sichingasinthe kanthu.

Pempho likalowa, limayenda chonchi. Upereka fomu, chiphaso, chithunzi cha pamene malo ali ndi kufotokoza chimene ukufuna kuchitapo. A boma adzaitanitsa msonkhano wa anthu a m'deralo kuti anene ngati malowo alibe mwini wina, ndipo zokambiranazo zimalembedwa n'kusainidwa. Msonkhano umenewu usaupeputse, ndipo usalole kuti uchitikire m'nyumba ya munthu ndi anthu atatu okha. Kumeneko n'kumene mlongo wa wogulitsayo angaimirire n'kunena kuti dimbalo ndi la mayi awo, ndipo ndi bwino aimirire usanalipire kusiyana ndi pamene wafika pa lenta. Kenako chidziwitso chimakhomedwa masiku 30. Zikayenda, umalandira chilolezo chongoyembekezera, cha zaka zisanu kwa nzika ndi ziwiri kwa mlendo. Chikalata chenicheni chimabwera akadzaona kuti malo unaikadi zikhomo ndipo zimene unalonjeza wachita. Apa ndi pamene ana a ku Joni ambiri amagwa. Amakumba maziko pa Khirisimasi, kubwerera kuntchito, zaka n'kumapita udzu ukumera m'maziko. Lamulo limalola boma kulanda DUAT ngati mwini sanachite zimene analonjeza popanda chifukwa chomveka. Pempha malo olingana ndi thumba lako, ndipo ulonjeze zimene ungamange.

DUAT si chilolezo chomangira. Pomanga pamafunika pulani ya nyumba yovomerezedwa ndi laisensi yake, ndipo potsegula golosale pamafunikanso alvará ya malonda. Ukapempha malo a nyumba yogona, kenako n'kuikapo chigayo kapena bala, wasintha ntchito ya malowo ndipo uyenera kukapemphanso. Dziwanso kuti DUAT ya nyumba yokhalamo iwe mwini ilibe malire a zaka, pamene ya malonda imafika zaka 50, zotha kuwonjezedwa. Ndalama iliyonse ya boma ulipire polandira lisiti. Wina akakuuza kuti upereke ya refresco kuti fayilo ithamange, dziwa kuti iye akadzasamutsidwa, wobwerayo adzangoona zimene zili m'fayilo. Kuchedwa kulipo, maulendo a ku Tete amadya ndalama, ndipo sindikuuza kuti dongosololi ndi lachilungamo kwa munthu wosauka. Koma nyumba yokhala ndi mapepala onse, yolembetsedwa ku kaundula wa nyumba, banki ikhoza kuilandira ngati chikole, ngakhale nthaka yake siingalandiridwe.

Ukumbukire za ku Moatize. Mu 2009 ndi 2010, kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 kuti ikumbe malasha. Amene anawalemba kuti ndi alimi anawapititsa ku Cateme, pafupifupi makilomita 40 kuchokera m'tauni. Amene anawalemba kuti ndi a m'tauni anapita ku bairo ya 25 de Setembro. Mu Januwale 2012 a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka, ndipo chaka chomwecho boma linatulutsa Dekreto 31/2012 yonena za kusamutsa anthu. Awa anali anthu amene ufulu wawo pamalowo lamulo linkauvomereza, komabe anavutika chonchi, ndipo tsogolo la banja lililonse linatsata mmene linalembedwera m'kaundula. Nanga amene wamanga pamalo oletsedwa, atanyamula kalata ya chidindo yokha, angayankhule chiyani?

Tsopano za munda wa ku Chidzolomondo, zimene ndi zazikulu kuposa zonsezi. Iwe ukuuona ngati wopanda pake chifukwa ulibe pepala. Lamulo la 1997 siliuona choncho. Limati munthu amapeza DUAT m'njira zitatu: pokhala pamalo motsata mwambo wa kwawo, pogwiritsa ntchito malo mokhulupirika kwa zaka zosachepera 10, kapena popempha ku boma. Pa njira ziwiri zoyambazo, kusowa kwa chikalata sikuchotsa ufuluwo, ndipo umboni wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, umalandiridwa. Ufuluwo ulibe malire a zaka, banja lolima chakudya chake sililipira msonkho wa malowo, ndipo umapita kwa ana posayang'ana kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Kunena mwachidule, munda wopanda pepalawo ndi wolimba pamaso pa lamulo kuposa poloti ya pamsewu imene ili ndi chidindo. Ndipo si wako wekha. Alongo ako ali ndi gawo lofanana ndi lako, ndipo mayi ako ali moyo. Ku Macanga, kumene kuli Chidzolomondo, fodya wakweza njala ya minda, moti ukautaya lero sudzaupezanso. Chimene mundawo ukufuna ndi kuulembetsa. Boma linayambitsa ntchito ya Terra Segura mu 2015 yopereka zikalata kwa alimi, ndipo lamulo limalola kuti chikalata chimodzi chikhale ndi maina a anthu angapo. Mulembetse nonse, iwe, alongo ako ndi mayi ako. Ndikuti mufulumire chifukwa mu 2022 boma linavomereza ndondomeko yatsopano ya za malo, imene inatsegula njira yokonzanso lamuloli, choncho pa ofesi ukafunsenso ngati pali ndime imene yasintha.

Wogulitsayo umuuze kuti adikire kufikira utabwera pa tchuthi. Akakuuza kuti pali wina wabwera kale ndi ndalama, musiye agulitse. Ubwere ndi kalata yako ya kubadwa ndi mapepala aliwonse a bambo ako amene mayi ako anasunga. Ine ndidzakuperekeza ku ofesi, tikayeze malowo, ndipo ngati agwera m'kati mwa makilomita awiri aja tidzafunafuna ena chakumtunda, kumene pulani ikulola malonda. Za kugulitsa munda, yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo mayi ako ndawauza chimodzimodzi.

Upereke moni kwa apabanja ako, ndipo undiyankhe kalatayi ikangokupeza.

Ndine,
Amalume ako