Nanga mlondayo amamuyesa ndani?

Bambo wina wa ku Ntengo-wa-Mbalame m'boma la Tsangano adalowa chaka cha 2024 ali ndi manyazi. Mkuluyu ndi mlimi wa mbatatesi, koma usiku amalondera nsanja ya mafoni, ija ambiri amangoti antena, yomwe ili pa kaphiri kumtunda kwa mudzi wawo. Manyaziwo adabwera ndi mnyamata wina amene adachokera ku Joni pa Khirisimasi. Iyeyu adauza anthu kuti mwana wa mlongo wake wa mkuluyu, uja adamulipirira sukulu mpaka kukaphunzira za magetsi ku Songo, kumeneko sagwira ntchito ya uinjiniya ayi. Ati ntchito yake nkungoyatsa ndi kuzimitsa makina, usana ndi usiku.

Nkhani yotere pamudzi sigona. Isanathe sabata, pa chigayo ndi pa bawo anthu ankanong'onezana kuti mlonda waphunzitsa mlonda mnzake. Mkuluyu zidamuwawa, pakuti matumba a kachewere amene adatsikira ku msika wa pa mphambano ya Tsangano, mbali ya ku Ntcheu, kuti mwanayu apeze fizi, sadali ochepa. Ng'ombe ziwiri zidapitanso momwemo. Tsono mlongo wake wa mnyamatayo, yemwe ankamaliza kalasi 12, atanena kuti nayenso akufuna maphunziro omwewo, amalume ake adakana kwa mtuwagalu. Adati ndalama satayira pa dzenje limodzi kawiri.

Mphwakeyo adafika kumudzi mu Julaye, chisanu cha ku Tsangano chili pa chimake. Masiku oyamba amalume ake sadamufunse kanthu. Koma Lachisanu pa 19 Julaye wailesi idalengeza kuti makompyuta ochuluka aima m'maiko ambiri, ndege zalephera kunyamuka, ndipo mabanki ndi zipatala zina zabwerera ku cholembera ndi pepala. Madzulo ake, akuotha moto, mkulu uja sadathenso kudzigwira.

"Kodi mphwanga, zimene akunena pa wailesizi ndiye ntchito yako ija? Kuzimitsa makina a eni ake?"

"Iyayi amalume. Ntchito yanga ndi yoti zoterezi zisachitike kumene ndimagwirako. Koma zoyatsa ndi kuzimitsazo sadakunamizeni, ndimachitadi."

Zimene adafotokoza usiku umenewo ndi zoyenera kuti aliyense wogwira foni azimve. Mwana ali ku Tete akatumiza ndalama pa foni kwa mayi ake ku Furancungo, ndalamayo siuluka yokha. Antena imangolandira uthenga nkuupititsa ku makompyuta akuluakulu otchedwa seva, ndipo ndi amenewo amene amalemba kuti uyu wachotsa zakuti, uyo walandira zakuti. Maseva amakhala m'nyumba zozizira, zosalowa munthu wamba, atasanjikizana ngati mabelo a fodya m'shedi. Amakhala ochuluka koti palibe mmisiri angamayende pa iliyonse kuigwiragwira kuti amve ngati yatentha.

Nchifukwa chake m'kati mwa seva amaikamo kakompyuta kena kakang'ono, kosaposa bokosi la machesi. Dzina lake pa Chingerezi ndi baseboard management controller, koma amisiri amangoti BMC. Ntchito yake ndi ulonda basi. Kamayang'anira kutentha kwa makina, liwiro la mafani oziziritsa ndi mphamvu ya magetsi, ndipo chilichonse chachilendo kamachilemba pamodzi ndi nthawi yake. Seva ikazimitsidwa, iko kamakhalabe maso malinga chingwe cha magetsi chili cholumikiza. Kali ndi khomo lakelake lolankhulira ndi akunja, motero mmisiri ali kutali angathe kukalamula kuti kazimitse seva, kaiyatsenso, ngakhale kumuonetsa zimene zikulembedwa pa sikirini ngati kuti waima pomwepo.

Mkulu uja atamva izi adagwedeza mutu. Ntchito imeneyi ankaidziwa.

Kamlonda aka kamayendera pulogalamu yakeyake yomwe imakhala m'kati mwake, imene amisiri amaitcha firmware. Opanga makina amatulutsa yatsopano kawirikawiri pofuna kukonza zolakwika kapena kutseka mipata ya akuba. Apa mpamene pagona vuto. Pulogalamu yatsopanoyo ikakhala ndi chilema nkuikidwa m'maseva onse tsiku limodzi, ndiye kuti alonda onse apenga pamodzi. Ndipo magetsi akathima ikulowetsedwa, kamlondako kangathe kungoti zii, osayankhanso, mpaka munthu apite ndi manja ake kukatsegula makinawo.

Ntchito ya mnyamatayu tsono ndi kuzunza kamlonda aka pulogalamu yatsopano isanaloledwe. Amakanamiza kuti makina atentha kuti aone ngati kathamangitsa mafani ndi kuliza chenjezo. Amaimitsa fani imodzi dala. Amakapatsa mawu achinsinsi olakwika kuti aone ngati katsegula chitseko. Amadula magetsi pakati pa kulowetsa pulogalamu kuti aone ngati kadzuka ndi yakale ija. Ndipo inde, amayatsa ndi kuzimitsa seva kambirimbiri, chifukwa zilema zina sizioneka ulendo woyamba kapena wachikhumi, zimadikira kaye.

Komatu sachita zimenezi ndi chala chake. Munthu amatopa, amaodzera, amadumpha mzere nkunena kuti waona. Iye amalemba mayesowo kamodzi, mzere ndi mzere, ndipo kompyuta ina ndi imene imawachita usiku wonse iye ali mtulo. M'mawa amapeza lipoti: mayeso amene adutsa alembedwa mobiriwira, amene alephera mofiira. Chida chimene ambiri amalembera mayeso otere chimatchedwa Robot Framework. Adachiyamba ndi Pekka Klärck wa ku Finland, chidakulira ku kampani ya Nokia, ndipo kuyambira 2008 aliyense angathe kuchitenga mwaulere. Mu Malichi 2018 makampani a IBM, Intel, Google, Microsoft ndi Facebook adagwirizana kumangira pamodzi pulogalamu ya kamlonda aka, yotchedwa OpenBMC, yomwe aliyense angathe kuiwerenga, ndipo mayeso ake ambiri adalembedwa ndi chida chomwecho. Mmisiri akasintha kanthu, ngakhale kochepa, mayeso amadzuka okha kuona ngati sadaphwanye china chimene chinkayenda bwino.

Wina anganene kuti uku nkuwonjeza. Koma mu 2013 katswiri wa ku America, Dan Farmer, adaonetsa kuti ma BMC ambiri oyendera ndondomeko yakale ya IPMI, yomwe idayamba mu 1998, adali ndi kampata kakuti munthu wodziwa dzina lolowera ankalandiridwa ngakhale atchule mawu achinsinsi abodza. Mlonda wofunsa kuti ndani, nkutsegula asanamve yankho. Makina otere adagulitsidwa nkumagwira ntchito zaka ndithu.

Apa mkulu uja adakhala chete kanthawi, kenaka adafotokoza nkhani yomwe mphwakeyo adangoimvapo pang'ono ali ku sukulu. Chaka china m'mwezi wa Juni, kachipangizo koyeza dizilo m'thanki ya jenereta ya pa antena kadatumiza uthenga ku ofesi kuti mafuta atsika ndi theka usiku umodzi. Mabwana adabwera ndi galimoto. Iye adalumbira kuti sadachoke pamalopo ndipo palibe adafikapo, koma adamuyankha kuti makina sanama. Adamudula malipiro a miyezi iwiri. Patapita nthawi mmisiri wina adapeza kuti kachipangizoko kankasokonezeka kukazizira kwambiri, ndipo adakasintha. Ndalama zake adamubwezera. Koma dzina loti wakuba dizilo silibwezedwa ku ofesi, ndipo mpaka lero alipo ena amene amatsokomola iye akaimirira kuwerengera chopereka ku tchalitchi.

"Kachipangizo kameneko akadayamba akayesa pa chisanu ngati cha kuno, amalume, si bwenzi mutavutika," adatero mnyamatayo.

Mawu amenewa ndi oona, ngakhale kuti ndi osavuta kunena zinthu zitachitika kale. Chowawa pa nkhaniyi nchakuti makina akanama, amene amalipira kawirikawiri ndi munthu wapansi amene ali nawo pafupi: mlonda, wogulitsa mayunitsi, mayi wosunga ndalama za gulu. Amene adapanga makinawo amakhala kutali ndipo dzina lake silidziwika pa bwalo la amfumu.

Koma mkuluyu si munthu wogonja msanga. Adati iye kapitawo amamudzidzimutsa pakati pa usiku kuti aone ngati ali maso, paja pakadafunda padajiwitsa galu. Zimenezo nzabwino. Nanga kapitawoyo akagona kunyumba kwake nkulemba m'buku kuti adafika, amamugwira ndani? Nanga kompyuta yoyesayo ikamalemba zobiriwira zokhazokha chifukwa nayo yadwala?

Funso limeneli ndi lomwe lidagwetsa makampani akuluakulu, ndipo mnyamatayo adavomera. Zimene wailesi idanena tsiku limenelo zidachokera ku kampani ya ku America yotchedwa CrowdStrike, yomwe idatumiza kafayilo kachilema ku makompyuta a makasitomala ake nthawi imodzi. A Microsoft adati makina okwana ngati 8.5 miliyoni adagwa. Patapita masiku, kampaniyo idaulula kuti chida chake choyesera mafayilo otere chidali ndi chilema, ndipo chidaloleza fayiloyo kudutsa. Makina ambiri adafunika munthu kuwakonza imodziimodzi.

Eni mafoni ena a kuno akukumbukanso za pa 4 Okutobala 2021, tsiku la tchuthi chokumbukira mtendere umene udasainidwa ku Roma mu 1992. Cha m'ma 6 koloko madzulo WhatsApp ndi Facebook zidangoti zii kwa maola pafupifupi 6, ndipo ambiri adaloza chala antena ya kwawo. Vuto silidali pa kaphiri ayi. A Facebook adafotokoza kuti lamulo lolakwika lidaperekedwa ku makina awo pa nthawi yokonza, ndipo chida chimene chidayenera kuliletsa chidali ndi chilema. Njira yapadera yolankhulira ndi makina munthu ali kutali idatsekekanso, mwakuti amisiri adachita kupita okha ku nyumba za maseva. Nkhani ziwirizi sizikhudza BMC mwachindunji, koma matenda ake ndi amodzi: woyesa adali asadayesedwe mokwanira.

Mankhwala ake si odabwitsa. Mnyamatayo adati nthawi zina amaika chilema dala m'pulogalamu kuti aone ngati mayeso achigwira. Lipoti likabwera lobiriwira, amadziwa kuti odwala ndi mayesowo. A pa wailesi nawo amadziwa kuti kasingano ka mu situdiyo kangathe kumavina bwinobwino pamene kunja kulibe akumva kanthu, nchifukwa chake wanzeru amasunga kawailesi kamabatire pambali. Chachiwiri, ngakhale mayeso onse adutse, pulogalamu yatsopano saiika m'maseva onse. Amayamba ndi ochepa, nkudikira masiku, kenaka nkuwonjeza. A CrowdStrike nawo adalonjeza kuti azichita chomwecho, madzi atatayika kale.

Apa mkulu uja adaseka koyamba usiku umenewo. Adati palibe mlimi wa ku Tsangano amene angadzale mbewu yachilendo ya mbatatesi munda wonse chifukwa choti wogulitsa waichemerera. Umayamba ndi mizere iwiri kumapeto kwa dimba. Adadabwa kuti anthu ophunzira chonchi adachita kutaya ndalama zambiri kuti adziwe zimenezi.

Sikuti mkuluyu adasanduka wokonda makina. Amanenabe kuti ntchito yosaoneka ndi maso ndi yovuta kuinyadira, ndipo akunena zoona, chifukwa woyesa akagwira bwino ntchito yake palibe chimachitika, ndipo palibe amamuthokoza. Anthu a pa bawo aja sadasinthe maganizo. Koma za mtsikana uja adati aonanso akagulitsa mbatatesi za m'dimba, ndipo kwa munthu ngati iyeyu mawu amenewo ndi aakulu.

Mphwakeyo atabwerera ku Joni, usiku wina mkuluyu adakumbukira kuti chitseko cha kanyumba ka makina pa antena chili ndi kachipangizo kamene adauzidwa kuti kamadziwitsa a ku ofesi chikatsegulidwa. Zaka zonsezi adali asadaonepo ngati nzoona. Adatenga kiyi, adatsegula, nakhala pa mwala ndi foni m'manja, bulangete lili kumutu. Padapita nthawi yoti munthu nkuphika tiyi ndi kumwa. Kenaka foni idalira, ndipo mawu a mnyamata wa tulo adafunsa kuti kwagwanji ku antena.

"Palibe chagwa, bwana," adayankha mkuluyo. "Ndimayesa ngati muli maso. Lembani nthawi yake, inenso ndalemba kuno."