Masamba Afiira ku Hex River

M'chigwa cha Hex River, ku Western Cape, masamba a mphesa ndiwo amauza munthu kuti nthawi yake yatha. Mu Januwale minda inali yobiriwira kuchokera m'mbali mwa msewu wa N1 mpaka m'tsinde mwa mapiri. Tsopano, kumapeto kwa Epulo, masamba ena achita chikasu, ena afiira ngati katondo, ndipo m'mashedi olongedzera mphesa anthu ayamba kuweruka dzuwa likadali pamutu. Malole amene ankatinyamula mbandakucha ku De Doorns achepa. Posachedwa mvula iyamba, pakuti kuno imagwa m'nyengo yozizira, ndipo pamwamba pa phiri la Matroosberg padzayera ndi chisanu. Ife sitidikira zimenezo. Tikubwerera kwathu.

Abale kumudzi atamva kuti tikugwira ntchito m'minda ya mphesa anada nkhawa, poganiza kuti tikuthandiza ofulula vinyo. Koma mphesa zambiri za m'chigwa muno n'zodya. Timazidula ndi sizasi, kuchotsa zoola, kuziika m'makatoni, ndipo zikazizira zimapita kudoko la Cape Town, mtunda wa makilomita pafupifupi 140, kukakwera sitima za ku Ulaya.

Ngakhale nthawi yotsegulira Sabata yasuntha. Wotchi ya kuno ndi ya kwathu zimayenda limodzi, koma mu Januwale dzuwa linkalowa cha m'ma 8 koloko usiku. Lachisanu tinkaweruka, kuchapa, kuphika, kusamba, dzuwa lili chiimire. Lero likulowa cha m'ma 6, ndipo pafunika changu. Kagulu kathu kopembedza nako kakuphwa: a ku Zimbabwe ena anyamuka kale, a ku Eastern Cape akumanga katundu. Mu Febuluwale, mphesa zitapsa nthawi imodzi, akapitawo ankafuna anthu Loweruka. Ena anatimvetsa n'kutisinthira tsiku. Ena anangoti amene sabwera asabwerenso, ndipo abale awiri anakhala masabata atatu osagwira ntchito, akudya kwa ife.

Masabata omalizawa ndi amene amatidetsa nkhawa kuposa kutentha kwa Febuluwale. Ndalama zili m'thumba, maganizo ali kale kumudzi, ndipo nkhani pakhomo lililonse ndi ya katundu: mabulangete, mapoto, sola, nsapato za ana. Zonsezo n'zabwino. Koma tikamayendera anzathu madzulo, funso lathu loyamba ndi la kalata ya kuchipatala. Chifuwa chachikulu n'chofala ku Western Cape, ndipo kugona anthu ambiri m'kanyumba kamodzi ka malata kumachipatsa mpata. Mankhwala ake amamwedwa kwa miyezi 6. Munthu amene anayamba mu Febuluwale amaliza mu Ogasiti, ali kwawo. Pofika pano chifuwa chasiya, thupi labwerera, ndipo iye akuona ngati wachira. Apa ndi pamene ambiri amasiyira, matenda n'kubwerera, nthawi zina osamvanso mankhwala, ndipo oyamba kuwatenga amakhala ana ake omwe amene anawagulira nsapato. Choncho tikuperekeza aliyense kukiliniki kukatenga kalata yosamutsira, yolembedwa dzina la mankhwala ndi tsiku limene anayamba, komanso kukapempha mankhwala okwanira ulendo ndi masiku oyamba kumudzi. A ma ARV, a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, chimodzimodzi. Mankhwala ndi kalata zikhale m'kachikwama ka m'manja pamodzi ndi pasipoti. Zikwama zikuluzikulu zimapita m'ngolo ya kumbuyo kwa basi, ndipo nthawi zina mwini wake amaziona atafika ku Blantyre.

Ulendowo si wamasewera. Basi ikangochoka ku De Doorns imakwera phiri n'kulowa m'Karoo, dziko louma la nkhosa ndi zitsamba, kudzera ku Beaufort West ndi Bloemfontein, makilomita oposa 1,200 kukafika ku Johannesburg. Kuchoka pa Park Station ndiye Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenaka Zobue ndi Mwanza. Pa Beitbridge palibe amene angalonjeze kuti mutha maola angati. N'chifukwa chake tagula matikiti a Sande m'mawa. Ngakhale tichedwe pachipata tsiku lathunthu, tifika kwathu Lachisanu lisanakwane. Amene agula a Lachitatu chifukwa chotsikirako mtengo, Sabata likhoza kuwapeza ali pamzere wodindira pasipoti.

Ambiri m'basi amadzimana madzi poopa kuvutika panjira. Ife tikuti amwe ndithu, ndipo basi ikaima paliponse atsike, ayende pang'ono, chifukwa kukhala masiku atatu miyendo itapindidwa kumatupitsa mapazi. Kamba wathu ndi mtedza wokazinga, buledi wabulauni, maapozi ndi mphesa zouma. Nyama yowotcha ya m'mphepete mwa msewu timaidutsa, pakuti sitidziwa kuti ndi ya chiyani.

Pali chinanso chimene chigwachi chatiiwalitsa. Kuno kulibe malungo, ndipo miyezi yonseyi tagona opanda neti. Kwathu mvula yangotha kumene, madambo akadali ndi madzi. Tatumiza kale uthenga kuti maneti apachikidwe tisanafike, ndipo tagwirizana kuti aliyense amene thupi litenthe m'masabata oyamba apite kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, osangoti ndi kutopa kwa ulendo.

Zotsala ndi zazing'ono. Ngongole ya ufa kukagolosale tabweza. Chakhumi cha malipiro omaliza tapereka kwa msungichuma wa kagulu kathu. Sitovu ya palafini, ndowa ziwiri ndi matiresi tasiyira banja lina la ku Masvingo limene likhale nyengo yozizira yonse, kudikira ntchito yodulira mitengo ya mphesa mu Juni ndi Julayi. Kumudzi atiuza pafoni kuti chimanga chauma, ndipo nkhokwe ikufunika kufolera mwatsopano tisanayambe kukolola.