Tchanelo 263

Ife amene tinabadwa kanema asanafike ku Malawi tinakula tikudziwa chinthu chimodzi: wailesi imalankhula, iwe umamvera. Kuyambira 1964 MBC inali yokhayokha, ndipo dzina la munthu wamba linkatchulidwa kawirikawiri pa zifukwa ziwiri, akapereka moni kwa abale kapena akamwalira. Television Malawi itatsegulidwa mu 1999 tinayamba kuona nkhope, koma zinali za eni mawu omwe aja: a pulezidenti akutsika ndege, a nduna akudula riboni, amayi akuvina kumbuyo. Aliyense akakhala kotsutsa amalumbira kuti akalowa m'boma adzaimasula MBC. Akalowa, mukudziwa nokha.

Ndiye musadabwe kuti zinanditengera nthawi kumvetsa za Cape Town TV, wailesi ya kanema ya mumzinda uno momwe ndakhala zaka zingapo ndikugwira ntchito ya m'khitchini. Si ya boma, si ya kampani, si ya mpingo. Pa DStv ili pa 263, kutali uko komwe chala chimangodutsa chikufuna mpira. Kuionera koyamba sungaipatse ulemu. Kuwala nthawi zina kumachepa, mawu amamveka ngati akuchokera mu ndowa, muulutsi amapunthwa pa chiganizo n'kuyambiranso. Mnzanga wina amene tinkagawana naye renti anaseka mpaka kugwira nthiti: "Aise, imeneyi ndi TV kapena vidiyo ya pa ukwati?"

Komatu pa vidiyo ya pa ukwati m'pamene umaonapo abale ako. Pa 263 ndinaonapo anthu a m'mabungwe a ogwira ntchito akukambirana za malipiro kwa nthawi yaitali popanda wina kuwadula pakamwa kuti alowetse malonda a sopo. Ndinaonapo amayi a m'makomboni akudandaula za zimbudzi ndi mipope m'Chixhosa chawo, ana asukulu akulakatula ndakatulo, Asilamu ndi Akhristu aliyense ndi nthawi yake. Zina n'zotopetsa, sindinama. Koma msonkhano wa kwa amfumu nawonso umatopetsa, chonsecho ndi komwe malire a munda wako amagamulidwa.

Khomo limeneli silinatseguke lokha. Chakumapeto kwa ulamuliro wa tsankho, gulu la anthu muno mu Cape Town linkajambula nkhani ndi zokambirana pa makaseti n'kumagawa pamanja, chifukwa mphepo yonse inali m'manja mwa SABC. Atapempha laisensi ya wailesi anakanizidwa. Pa 25 April 1993 anangoyatsa makina awo n'kuulutsa popanda chilolezo, pa dzina la Bush Radio. Sipanapite masiku ambiri, aboma anafika n'kulanda zipangizo, ndipo ena mwa atsogoleri ake anatsegulidwa milandu. Koma chaka chomwecho dziko lino linakhazikitsa lamulo logawa zoulutsa patatu: za dziko, za malonda, ndi za anthu a m'dera. Mu 1995 Bush Radio inayamba kuulutsa ndi laisensi, ndipo mpaka lero ikumveka pa 89.5 FM.

Kanema ndiye anachedwa, poti kamera ndi situdiyo si zinthu zogula ndi ndalama ya chipereganyu. Mabungwe oposa 200, a zamasewero, a zaluso, a zamaphunziro, a ogwira ntchito, anachita kusonkhana mu 2006 kuti akhazikitse Cape Town TV, ndipo inayamba kuulutsa mu September 2008. Mamembala ake ndi mabungwe, ndipo ndi iwo amene amasankha bodi pa msonkhano wa pachaka. Ngakhale pamenepo mtendere sunabwere. Chithunzi kuti chifike m'nyumba za anthu chimadutsa pa nsanja za Sentech, kampani ya boma, ndipo imeneyo imafuna ndalama mwezi ndi mwezi. Mu 2009, zitamveka kuti mpata wawo wa pa mphepo ungaperekedwe ku ntchito zina, anthu anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo.

Si kuno kokha. Ku America, komwe nzeru ya kanema wotsegukira aliyense inazika mizu m'zaka za m'ma 1970, mfundo yake inali yosavuta: kampani ikafuna kuyala mawaya ake m'misewu ya mzinda, misewuyo ndi ya anthu, choncho ipereke tchanelo kwa anthuwo. Mzinda wa Philadelphia unavomereza zimenezi pa pepala mu 1983, koma PhillyCAM inadzayamba kuulutsa mu 2009. Zaka 26 anthu akulemba makalata ndi kudzaza mabenchi ku khonsolo! Mwana wobadwa tsiku la lonjezo anali atakwatira kale.

Kwathu nako mbewu ilipo. Dzimwe Community Radio ya ku Mangochi inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo lero wailesi za m'madera zili m'maboma ambiri. Koma anthu a ku Ndirande kapena Mtandire kukhala ndi kanema amene bodi yake amasankha okha, limenelo likadali loto. Ndipo mu 2022 tinaona MACRA ikulanda malaisensi a nyumba zingapo zoulutsira mawu pa nkhani ya ngongole za chiphaso. Ngati a bizinesi akulephera kulipira, kuli bwanji gulu la amayi a pa msika?

Chimene chandilembetsa sabata ino, komabe, ndi ife a kuno ku Joni. Chaka chomwe Cape Town TV inkayamba, mu May 2008, anthu 62 anaphedwa m'dziko lino pa zipolowe zothamangitsa obwera, ndipo moto wake unafika mpaka ku Dunoon ndi ku Masiphumelele. Kuyambira pamenepo, ife pa kanema wamkulu timaoneka mwa mtundu umodzi: tasenza zikwama, tili pa mzere wokwera basi, wina akutiwerenga ngati mbuzi pa dibi. Amatinena, sitinena. Chonsecho mabungwe tili nawo. Tili ndi mipingo, matimu a mpira, magulu osonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi, ena ndi malamulo olembedwa bwinobwino ndi msungichuma wosaseka ndi munthu.

Mwezi watha, pa msonkhano wa gulu lathu la maliro, ndinapempha kuti tikafunse za umembala ku 263 ndi kupempha theka la ola pa sabata, m'Chichewa, mawu a Chingerezi akuyenda m'munsi. A tcheya, bambo achikulire amene anabwera kuno ine ndili ku pulayimale, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, nkhope yangayi pa kanema? Mapepala anga mukuwadziwa bwino inu. Mukufuna ndikafike ku Lindela ndisanamalize nyumba kumudzi?"

Palibe anaseka. Mantha amenewo si a munthu wopusa, ndipo ine sindingauze bambo wa ana asanu kuti aike khosi lake pa mpeni chifukwa cha maganizo anga. Mnyamata wina ndiye anati, "Akulu, mukuvutikiranji? Si tili ndi Facebook Live?"

Apa pokha ndinakana. Pa Facebook timalankhulana tokhatokha. Mayi wa Chixhosa amene timamulipira renti ya kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba yake sadzaiona Live yathu mpaka kalekale, koma kanema wake amakhala woyatsa tsiku lonse. Ndi iyeyo amene ndikufuna amve kuti mnyamata amene amamutcha kwerekwere ali ndi dzina, ali ndi mayi ake ku Nkhata Bay amene akudikira ya feteleza. Komanso Facebook ili ndi mwini wake, ndipo tsiku limene adzatseke tsamba lathu palibe msonkhano wa pachaka komwe tingakaimike dzanja.

Zoti tiikemo sizingasowe. Ndi angati mwa ife amene amadziwa kuti bwana akakuchotsa ntchito mopanda chilungamo ukhoza kukadandaula ku CCMA ngakhale mapepala ako ali osalongosoka, poti khothi la zantchito linagamula mu 2008 kuti wotereyo ndi wantchito ndithu? Ndi angati amadziwa makalata ofunika kuti thupi lidutse pa Beitbridge, asanadyeredwe ndi madobadoba pa tsiku la misozi? Nkhani zimenezi timauzana m'makona, mwa theka, mochedwa.

Sitinavote tsiku limenelo. A tcheya anati nkhaniyi igone kaye, ndipo mukudziwa kuti kwathu nkhani ikagona nthawi zina siidzuka. Koma potuluka anthu asanu ndi mmodzi ananditsatira pa geti, onse a mapepala abwino, awiri mwa iwo ana obadwira konkuno amene Chixhosa ndi Chichewa amasinthanitsa ngati malaya. Mtsikana wina mwa iwo amajambula kale kwaya ya ku tchalitchi pa foni yake, ndipo akuti mawu a m'munsi aja amatha kuika yekha. Amayi a msungichuma anatiitanira pambali n'kunena kuti iwo pa kamera ayi, koma ngati tikufuna wofotokoza za mitengo ya bokosi ndi galimoto, tiwajambule manja okha akuwerenga m'kope mwawo.

Kalata yopempha tailemba kale kawiri. Yatsala siginecha ya a tcheya, ndipo msonkhano wina uliko Lamulungu loyamba la mwezi wa mawa.