Belo limodzi, anthu awiri

Abale anzanga a pamsika, ndikudziwa kuti mukangomva za tenesi mukuti, "Za anthu olemera izo, tiuzeni mtengo wa chimanga." Dikirani kaye. Nanenso ndinkatero mpaka usiku wa Loweruka pa 13 July 2024.

Tsikulo ndinali pa kabala kena ku Ndirande kudikira mnzanga amene anandilonjeza kangongole, koma sanatulukire. Fainolo ya mpira wa Euro inali ya mawa lake, ndiye mwini bala anangosiya kanema pa mpikisano wa Wimbledon, ku London. Pabwalo panali amayi anayi, awiri uku awiri uku, ukonde pakati. Mbali ina kunali Kateřina Siniaková wa ku Czech Republic ndi Taylor Townsend wa ku America, inayo Gabriela Dabrowski wa ku Canada ndi Erin Routliffe wa ku New Zealand.

Malamulo sindinkawadziwa, koma maso anga anakodwa ndi kanthu kena. Mpira usanayambe, awiriwo amanong'onezana ataphimba pakamwa. Kenaka wina amapita pafupi ndi ukonde, n'kuwerama, n'kuika dzanja kumsana kumuonetsa mnzake ndi zala kumene adzathamangire. Iye sacheuka ayi. Mpira ukuchokera kumbuyo kwake, liwiro ngati mwala wa legeni, ukudutsa pafupi ndi khutu, koma iye maso ali kutsogolo basi. Wina akaphonya, amagundana manja n'kupitiriza. Palibe zotukwanana.

Ndinakumbuka achemwali anga. Zaka zisanu ndi chimodzi ankagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe pamodzi ndi mayi wina. Mpamba unali umodzi, benchi limodzi. Mayi uja anali ndi diso: ankalawira kukaoda belo ndipo kawirikawiri sankabwera ndi zinyalala. Achemwali anali ndi pakamwa, oti munthu wongodutsa amapezeka wanyamula jekete m'mwezi wa October. Inu mukudziwa kuti belo silisonyeza za m'kati. Umalipira kaye, kenaka n'kudula zingwe mtima uli m'mwamba. Wotsala pabenchi amangokhulupirira diso la wokaoda.

Mu November 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mayi uja anati aliyense aone msana wa njira. Anatenga gawo lake n'kukagwirizana ndi wina. Ine ndinapsa mtima kuposa eni ake. Ndinkamutchula Yudasi, ndipo ndikamuona ndinkayang'ana kumbali. Achemwali ankangoti, "Achimwene, zisiyeni."

Tsono tamvani izi, zimene ndinadzawerenga m'mawa mwake. Siniaková uja naye anali ndi mnzake wakalekale, Barbora Krejčíková, wa kwawo komweko. Anasewera limodzi kuyambira ali atsikana, ndipo mu 2013 anatenga zikho zitatu zikuluzikulu za achinyamata. Atakula anatenga zikho zisanu ndi ziwiri m'mipikisano inayi ikuluikulu ya tenesi, kuyambira ku Paris mu 2018 mpaka ku Australia mu 2023, kuphatikizapo mendulo ya golide ya Olympics ku Tokyo mu 2021. Anasiyana liti? November 2023, mwezi womwewo benchi la achemwali linagawika.

Ndipo Loweruka lomwelo, pabwalo lomwelo, masana Krejčíková anali atagonjetsa Jasmine Paolini wa ku Italy n'kutenga chikho cha osewera payekhapayekha. Usiku Siniaková ndi Townsend anapambana zigawo zonse ziwiri 7-6, 7-6. Kwa Townsend, mayi wa mwana mmodzi, chinali chikho chake chachikulu choyamba, ndipo misozi inatsika.

Apa pali nkhani ya ndalama imene inu a malonda muimvetsa msanga. Krejčíková yekha analandira mapaundi 2,700,000. Awiri aja analandira mapaundi 650,000, oti agawane pakati. Bwalo lawo n'lotambalalirapo, mamita 10.97 pamene la payekha ndi 8.23, thukuta n'lomwelo, koma aliyense anapita kwawo ndi 325,000. Si zochepa, inde, ife sitidzaziona ngakhale kumaloto. Koma pochotsapo ndege, malo ogona ndi malipiro a mphunzitsi chaka chonse, mumvetsa chifukwa chake osewera awiriawiri sachedwa kusintha mnzawo zinthu zikayamba kupendama. Ngakhale Cara Black wa ku Zimbabwe kuno, amene anatenga Wimbledon mu 2005 ndi 2007 pamodzi ndi Liezel Huber wobadwira ku Durban, anasiyana naye mu 2010.

Chimene chinandisokoneza n'chakuti patangopita masabata awiri, Siniaková ndi Krejčíková anabwererana kukaimira dziko lawo ku Olympics ya ku Paris. Mendulo sanapeze, koma anaima mbali imodzi ya ukonde, wina kupereka msana kwa mnzake ngati kale. Ine amene benchi silinali langa ndinali ndisanapatsebe moni mayi uja.

Ndinapita kwa achemwali ndi nkhaniyi ndikudzimva wanzeru, ati ndikawalangize kuti akhululuke. Anandimvetsera akupinda mabulauzi, kenaka anati, "Wokhululuka ndani, ine kapena iwo?"

Ndiye anandiuza zimene anabisa miyezi isanu ndi itatu. Chaka chimenecho nyuzipepala ina inakhala miyezi itatu osandilipira nkhani zanga, ndipo mwini nyumba anafuna kundiponyera katundu panja. Ndalama ya lendi imene achemwali anandipatsa, yomwe anati yachokera ku banki nkhonde, anaitapa mu mpamba osamuuza mnzawo. Ankati adzabweza mwakachetechete. Kwacha itagwa, tsiku lokaoda linafika ndalama yosakwana, ndipo mayi uja anachita manyazi pamaso pa ogulitsa mabelo. Sanakuwe pamsika, sanapite kwa tcheyamani, sanauze aliyense. Anangodikira kuti gawo lake likwane n'kuchoka.

Aise, ndinakhala pansi pa belo lopanda kanthu. Yudasi amene ndinkamufuna miyezi yonseyi ankagona m'nyumba yanga, pa mphasa yanga.

Mawa lake ndinapita ku benchi la mayi uja. Ndinavula chipewa. "Mayi, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, kaya inu atolankhani? Maso achira tsopano?"

Ndinayamba kupepesa, koma anandidula. Anafunsa ngati chifuwa cha mwana wa achemwali chinatha, ndipo anati ndikawauze kuti mabelo a majuzi afika ku sitolo ija amaidziwa, asachedwe. Zobwererana sanatchule, ndipo mpaka lero aliyense ali ndi benchi lake.

Pochoka ndinatola buluku lakuda, ndikuganiza kuti poti tayanjana anditsitsira mtengo. Anayang'ana buluku, n'kuyang'ana ine.

"Mtengo ndi womwewo, achimwene. Ndipo ngongole sindipereka."