Wotsala Pabwinja

Mudzi ukasamuka susamuka ndi njira zake. Anthu amasenza zitseko, mitondo ndi nkhuku kunka nazo kutsidya, koma njira zakale zimafikabe pabwinja paja, ndipo mlendo wochokera kutali amatsata zomwezo. Akapeza wina akulima pamenepo amamuuza kuti eni ake anapita kuseri kwa phirilo. Akapanda kupeza munthu amabwerera ndi katundu wake pamutu, nakauza akwao kuti mudzi uja unatha. Ndifuna kukamba za munthu wotsala pabwinjayo, ngakhale mudzi umene ndikunenawu uli pa intaneti.

Ndimasunga kawiki ka maina a malo ndi mau akale a Chicheŵa. Wiki, monga ambiri mudziŵa, ndi masamba olumikizana, lililonse ndi mutu wake, ndipo mutuwo ndiwo umasanduka adiresi ya tsambalo. Woyamba kumanga chotere anali Ward Cunningham mu 1995. Kangaka kamasiyana ndi Wikipedia pa chinthu chimodzi. Wikipedia imayenda ndi pulogalamu ya MediaWiki, imene imakhala maso usana ndi usiku, kumvetsera chimene munthu wapempha ndi kumkonzera. Ine ndimalemba pa kompyuta yanga, pulogalamu ya Hugo n'kusandutsa zolembazo mafayilo a HTML kamodzi kokha, basi ndikaŵasiya pa seva. Sevayo siganiza. Imapereka fayilo imene yapemphedwa, ndipo ikaisoŵa imayankha 404, ndiye kuti palibe. Ndinasankha njira imeneyi chifukwa siidya ndalama, ndiponso masamba ake amatseguka msanga ngakhale pa foni imene bandulo yake yatsala pang'ono kutha.

Tsono maina sakhazikika, makamaka athu ano. Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, ndipo kwa anansi athu Fort Jameson ndi Chipata. Munthu amene wapeza kalata ya agogo ake yolembedwa Cholo kapena Mlanje adzafufuza momwemo, osati Thyolo kapena Mulanje. Nanga kalembedwe! Wina amalemba mau, wina mawu. Ine ndidakakondabe kuika kadenga pa w, pamene ambiri masiku ano anakasiya, ndipo kadengako kakaloŵa mu adiresi kamasanduka %C5%B5, kotero kuti nthaŵi imaoneka ngati ntha%C5%B5i. Palibe mphunzitsi angalembe zimenezo pabolodi ana osaseka.

Ndatchula mphunzitsi dala. Tsamba likasintha mutu, maulalo a m'kati mwa wiki ndimaŵakonza ndekha madzulo amodzi. Amene sindingaŵafikire ndi akunja. Mphunzitsi wina wa ku sekondale anandiuza kuti analemba maadiresi a masamba anga angapo pa pepala limene amagaŵira ana ake chaka ndi chaka. Pepala silimva kuti tsamba lasamuka. Mwana amene wabwereka foni ya mlongo wake kwa mphindi khumi, akaona 404 saganiza kuti mwina mutu wasintha. Amabweza foni, n'kukauza aphunzitsi maŵa lake kuti kulibe. Tim Berners-Lee, amene anayambitsa World Wide Web, analemba mu 1998 kuti adiresi yabwino siyenera kusintha. Ndimavomerezana naye, kungoti iye sanali kulimbana ndi kadenga ka pa w.

Wolozera njira amene amasiyidwa pa adiresi yakale amatchedwa redirect. Kumene mwini tsamba ali ndi mphamvu pa seva, nkhaniyi ndi yaifupi. Seva imayankha 301, kutanthauza kuti tsambalo linasamukiratu ndipo lili apa, kapena 302 ngati langochokapo kwa kanthaŵi. Pa Apache malamulo otere amalembedwa mu .htaccess, ndipo Netlify amaŵerenga fayilo yotchedwa _redirects. Pa MediaWiki munthu amangolemba #REDIRECT pa tsamba lakale, pamodzi ndi mutu watsopano. Koma kumalo aulere kumene ine ndimasungitsa mafayilo anga kulibe njira yolamulira seva. Chotsala ndi kusiya kafayilo kopanda nkhani pa adiresi yakaleyo, kokhala ndi mzere umodzi wotchedwa meta refresh, umene umauza browser kuti isadikire ngakhale sekondi imodzi, ipite ku adiresi yatsopano. M'kafayilo komweko mumakhalanso mzere wa canonical wouza makina ofufuzira monga Google kuti kwenikweni n'kuti.

Funso limene linanditengera nthaŵi ndi lakuti dzina lakale lizilembedwa kuti. Pali njira ziŵiri. MediaWiki, ndiponso ikiwiki imene Joey Hess anayamba mu 2006, amalemba pa tsamba lakale kuti pitani uko. Hugo amatembenuza: pamwamba pa tsamba latsopano pamakhala mndandanda wotchedwa aliases, wa maina onse amene tsambalo linakhala nao, ndipo pomanga, pulogalamu imakasiya kafayilo pa dzina lililonse. Ine ndimakonda njira yachiŵiriyi, ndipo chifukwa chake ndi tsamba losamuka kaŵiri. Mukalemba pa tsamba lakale, dzina loyamba limaloza lachiŵiri, lachiŵiri n'kuloza lachitatu. MediaWiki imatsata wolozera mmodzi yekha n'kuima pomwepo, n'chifukwa chake pa Wikipedia pali timapulogalamu toyendayenda tokonza zoterezi. Pa wiki ngati yangayi browser imatsata onse, koma sitepe iliyonse ndi kupemphanso fayilo, ndipo amalipira ndi mwana uja. Choipitsitsa ndi pamene aŵiri alozerana okhaokha. Zikachitika ndi 301, browser imazindikira n'kusiya. Zikachitika ndi meta refresh imangozungulira ngati mbuzi yapachingwe mpaka munthu atseke yekha. Koma maina onse akakhala pamwamba pa tsamba lenilenilo, amasamukira nalo limodzi kulikonse kumene lipita.

Kafayiloka kali ndi zofooka zake, ndipo sindikabisira. Adiresi ikakhala ndi mchira woloza ndime inayake pakati pa tsamba, 301 imaunyamula mchirawo, koma meta refresh imautaya panjira, woŵerenga n'kufikira pamwamba. Chachiŵiri ndicho chimandikhudza kwambiri. Pa Wikipedia munthu akaloŵera dzina lakale, pansi pa mutu pamalembedwa timau tomuuza kumene wachokera. Kwanga kulibe zimenezo. Wafufuza Port Herald, wangoona ali pa Nsanje, popanda womuuza chifukwa. Angaganize kuti wasochera. Motero ndinadziikira lamulo: dzina lililonse limene lili pa mndandanda uja liyenera kuonekanso m'chiganizo choyamba cha tsambalo. Zachititsa kuti ziganizo zina zikhale zolemera ngati mtolo wa nkhuni zaziŵisi, koma ndalola. Ndinasinthanso kafayilo kaja kuti kazikhala ndi mzere wooneka ndi maso, wonena kuti tsambali linasamukira apa, chifukwa pali mafoni ena amene sadumpha okha.

Pali maina ena osayenera wolozera konse. Hugo amalemba maadiresi m'zilembo zazing'ono, kotero Chipata wa ku Zambia ndi chipata choloŵera kumpanda amalimbirana malo amodzi. Pamenepo pafunika tsamba lenileni lofunsa mlendo kuti akufuna uti. Ndinalemba kapulogalamu ka mizere yochepa kamene kamayang'ana, masamba asanatumizidwe, ngati pali dzina limene masamba aŵiri akulilimbirana, kapena wolozera woloza mnzake. Kakapeza chotere kamakana kumanga.

Chimene kapulogalamu sikangandisankhire ndi chakuti mwa maina aŵiri, mwini nyumba ndani ndipo wolozera ndani. Pa Mangochi ndi Fort Johnston palibe mkangano. Pa mau ndi mawu ndinagonja kwa achinyamata: mutu wa tsamba ndi mawu, ngakhale m'kati mwake ndimalemba monga ndinaphunzirira, pakuti adiresi ndi ya olemba pa foni, si yanga. Koma nditafika pa dzina la chilankhulo chenichenicho dzanja linauma. Kuno chinkatchedwa Chinyanja kufikira 1968, ndipo ku Zambia ndi ku Mozambique chidakatchedwabe motero. Kuika Chinyanja ngati wolozera ndi kuuza munthu wa ku Chipata kapena wa m'mbali mwa nyanja ku Niassa kuti dzina la chilankhulo chake ndi bwinja, pamene iye akukhalamo, akuphika ndi kulera ana. Makina ofufuzira nawo amamva choncho, ndipo pang'ono ndi pang'ono amaleka kuonetsa adiresi yolozerayo. Ndinasiya masamba aŵiri, lililonse lotchula linzake m'chiganizo choyamba. Nkhani ya galamala, imene ili imodzi kwa onse, ndinaiika pa tsamba lachitatu, limene adiresi yake mpaka lero ndi nambala chabe.