Kusaka Zovala pa Tchuthi

Tchuthi chikayamba, ife anyamata a ku Kawale timalawirira ku msika wa Tsoka kukadikirira kuti belo la kaunjika litsegulidwe. Wofika mochedwa amatola zotsalira. Masiku ano ogulitsa ena amajambula majekete ndi nsapato n'kuika pa Facebook ndi WhatsApp. Woyamba kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ndiye amatenga.

Ine ndimakondabe ku Tsoka. Kumeneko chovala ndimachigwira, ndimachiyesa, ndimayang'ana zipi ndi m'khwapa, kenaka ndimanenerera mtengo. Chithunzi chimabisa chigamba. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama zimene ndimanyamulazo amayi amazipeza pokazinga mandasi mbandakucha. Sindingazitumize kwa munthu amene sindinamuonepo nkhope.